Abale Athu Amene Adatsala ku India: Mbiri ya Asiddi

Ambiri a ife tikamva za malonda a akapolo maganizo athu amathamangira kumadzulo, ku zombo zimene zinkawoloka nyanja ya Atlantic kupita ku America. Tikakumbukira za kuno kwathu timatchula Jumbe wa ku Nkhotakota, Mlozi wa ku Karonga, magoli, ndi ulendo wowawa wopita ku Kilwa ndi Zanzibar. M'mabuku ambiri a mbiri yakale amene tidawerenga tili pa sukulu nkhaniyi inkathera pa msika wa ku Zanzibar, ngati kuti munthu akagulitsidwa pamenepo ndiye kuti zake zatha. Komatu wogulidwayo ankapita kwina n'kukakhalako. Ambiri adakalima m'minda ya pa zilumba za Zanzibar ndi Pemba, ena adapita ku Arabia ndi ku Persia, ndipo ena adakatsikira ku India. Zidzukulu za amene adakatsikira ku India zilipo mpaka lero. Amatchedwa Asiddi, ndipo m'kope lino ndati tikambirane za iwowa.

Asiddi ndi anthu akuda, a tsitsi ngati lathuli, koma ndi nzika za India zimene makolo awo adabadwira komweko mibadwo yambiri yapitayo. Ambiri amakhala m'zigawo za Gujarat ndi Karnataka, ena mumzinda wa Hyderabad, ndipo abale awo a ku Pakistan amatchedwa Sheedi. Kalembera wa 2011 adapeza Asiddi osakwana 20,000 mwa amene adalembedwa m'kaundula wa mafuko otsalira pa chitukuko, koma ofufuza ambiri amati onse pamodzi angafike 50,000 kapena kuposerapo. M'dziko la anthu oposa 1,400 miliyoni chiwerengero chimenechi n'chochepa zedi, n'chifukwa chake ngakhale Amwenye anzawo ambiri sadziwa kuti kuli anthu otere. Mbiri yawo ili ndi nthambi ziwiri. Nthambi ina ndi ya akapolo amene adasanduka nduna ndi mafumu, ndipo ndi imene olemba mabuku amaikonda. Inayo ndi ya anthu wamba amene maina awo sadalembedwe paliponse, ndipo ndi imene ikutikhudza ife a m'chigawo chino cha Africa.

Mphepo ndi maina awiri

Njira ya pamadzi ya pakati pa Africa ndi India idalipo zaka mazanamazana Mzungu asanaonekere m'nyanja imeneyo. Chinkayendetsa zombo ndi mphepo. Monga momwe asodzi a kunyanja kwathu amadziwira nyengo ya mwera ndi nyengo ya mpoto, amalinyero a pa Nyanja ya India ankadziwa kuti kuyambira mu Novembala mpaka Malichi mphepo imakankha zombo zamatanga kuchokera ku India ndi Arabia kudza ku gombe la Africa, ndipo kuyambira mu Epulo imatembenuka n'kuzibweza kwawo. Pobwera zombo zinkadzaza nsalu ndi mikanda. Pobwerera zinkasenza minyanga ya njovu, golide, mitengo yomangira nyumba, ndiponso anthu. Ena mwa anthuwa ankapita mwakufuna kwawo monga amalinyero, amalonda kapena asilikali, koma ambiri ankapita ali ogulidwa.

Ku India anthu a ku Africa adapatsidwa maina awiri. Loyamba ndi Habshi, lochokera ku liwu la Chiarabu lotchulira dziko la Abyssinia, limene lero timati Ethiopia, popeza oyambirira ambiri adachokera kumeneko. Lachiwiri ndi Siddi, limene akatswiri ambiri amati lidachokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kuti mbuye. Poyamba lidali dzina laulemu loitanira akuluakulu a zombo ndi a nkhondo, koma m'kupita kwa nthawi lidasanduka dzina la munthu wakuda aliyense, kaya wolemera kaya wosauka.

Akapolo amene adasanduka mafumu

Mafumu achisilamu a ku India, makamaka a m'chigawo cha Deccan, ankaopa kwambiri abale awo ndi nduna zobadwira m'dzikomo, popeza aliyense wa iwo adali ndi fuko lomuchirikiza pa nkhani yolanda mpando. Motero ankagula anyamata ochokera kutali, n'kuwalowetsa Chisilamu ndi kuwaphunzitsa nkhondo ndi kayendetsedwe ka boma. Mnyamata wopanda malume, wopanda mbumba, wopanda mudzi woti athawireko, ankadalira mbuye wake yekha basi, ndipo mbuyeyo ankamukhulupirira pa ntchito zazikulu. Ku Delhi, Jamal-ud-Din Yaqut adakwezedwa kukhala woyang'anira akavalo a mfumukazi Razia, mpaka nsanje ya nduna zina idamuphetsa mu 1240. Ku Bengal asilikali achihabshi adalanda ufumu cha mu 1487 naulamulira kwa zaka pafupifupi 7.

Wotchuka koposa onse ndi Malik Ambar. Iye adabadwa cha mu 1548 kum'mawa kwa Ethiopia, ndipo ali mnyamata adagulitsidwa kangapo, kudzera ku Yemen ndi ku Baghdad, mpaka adagulidwa ndi Chengiz Khan, nduna yaikulu ya ufumu wa Ahmadnagar, amenenso adali Mhabshi ndi kapolo wakale. Mbuye wakeyo atamwalira Ambar adamasulidwa, nayamba kusonkhanitsa asilikali ake. Pofika mu 1600, pamene ufumu waukulu wa Mughal unkafuna kumeza Ahmadnagar, iye ndiye adaimirira, naika mfumu imene adaifuna pa mpando, naikwatitsa mwana wake wamkazi, ulamuliro weniweni uli m'manja mwake. Kwa zaka zoposa 25 adalimbana ndi a Mughal pogwiritsa ntchito asilikali a pa akavalo a mtundu wa Maratha, amene ankabisalira adani, kuwalanda chakudya ndi kuthawira m'mapiri. Mfumu Jahangir idamuda kwambiri kotero kuti idalamula wojambula wake kuti aijambule ikulasa mutu wa Ambar ndi muvi, chinthu chimene idalephera kuchita pa bwalo la nkhondo. Mu 1610 Ambar adamanga mzinda wa Khadki, umene pambuyo pake udatchedwa Aurangabad ndipo kuyambira 2023 ukutchedwa Chhatrapati Sambhajinagar, naukokera madzi kuchokera m'mapiri kudzera m'ngalande zapansi. Mu 1624 adagonjetsa magulu a Mughal ndi a Bijapur ataphatikizana pa nkhondo ya Bhatvadi. Adamwalira mu 1626, ndipo manda ake ali ku Khuldabad.

Kumwera kwa Bombay, amene lero ndi Mumbai, kuli kachilumba kokhala ndi linga la miyala lotchedwa Janjira. Asiddi adalamulira lingali ndi dera lozungulira kwa zaka zoposa 300, mpaka pamene lidalowa m'dziko la India mu 1948. Shivaji, mfumu ya a Maratha, ndi mwana wake Sambhaji adayesa kulilanda koma adalephera. Mu 1689 zombo za Janjira, potumikira mfumu Aurangzeb, zidazinga Angerezi m'linga lawo ku Bombay kwa nthawi yoposa chaka. Banja lina la ku Janjira lidakhazikitsanso kaufumu ka Sachin ku Gujarat mu 1791. Ndipo mu Ahmedabad muli mzikiti wa Sidi Saiyyed, womangidwa mu 1573, umene zenera lake la mwala wosemedwa ngati mtengo wa nthambi zolukanalukana ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika za mzindawo.

Nkhani zimenezi n'zokoma kumva, koma tisamale nazo. Amene adakwera chotere adali ochepa, ndipo ambiri adali amuna amene adakwatira akazi a komweko, kotero kuti patapita mibadwo ingapo ana awo adasungunuka pakati pa Amwenye. Asiddi osauka a m'midzi ya lero, ambiri mwa iwo, adadzera njira ina.

Apwitikizi alumikiza Zambezi ndi Goa

Vasco da Gama adafika ku Calicut mu 1498, ndipo mu 1510 Afonso de Albuquerque adalanda Goa. Pambuyo pake Apwitikizi adatenganso Diu mu 1535 ndi Daman mu 1559. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti malo onse a Apwitikizi ku Mozambique, kuphatikizapo Sena ndi Tete pa Zambezi, ankalamulidwa kuchokera ku Goa mpaka 1752. Akuluakulu a boma, ansembe ndi amalonda ankayenda uku ndi uku, ndipo ena a ku Goa adakhazikika m'chigwa cha Zambezi. Banja la Pereira, limene lidayambitsa ulamuliro wa Makanga m'dziko la Undi, lidachokera ku Goa. Mu 1686 boma la Apwitikizi lidapatsa amalonda achimwenye a ku Diu mphamvu yoyendetsa malonda a pakati pa Diu ndi chilumba cha Mozambique. Nsalu za ku Gujarat zinkalowa kumtunda mpaka m'maiko a Amaravi, ndipo minyanga inkatsikira ku gombe pa mapewa a anthu, makamaka m'maulendo a Ayao. Zombo zimene zinkanyamula minyangayo zinkanyamulanso akapolo.

Chiwerengero chopita ku India kudzera njira imeneyi chidali mazana owerengeka pa chaka, chochepa pochiyerekeza ndi cha opita ku Brazil kapena ku zilumba za Afalansa, koma malondawo adapitirira kwa zaka pafupifupi 300. Jan Huyghen van Linschoten, Mdatchi amene adakhala ku Goa m'zaka za m'ma 1580, adalemba za akapolo amene ankagulitsidwa poyera pa msika wa mumzindamo, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique. Ntchito zawo zidali kutunga madzi, kuphika, kulondera, kugwirira abwana maambulera ndi kuwasenza pa machila. Liwu loti machila linkadziwika ku Goa monga momwe lidadziwikira ku Zambezi ndi kuno kwathu. Ngakhale nyumba za ansembe ndi masisitere zinkasunga akapolo, amene ankabatizidwa ndi kupatsidwa maina a Chipwitikizi.

Ambiri sadapirire. Malire a Goa adali pafupi, ndipo kuseri kwake kudali nkhalango zowirira za m'mapiri a Western Ghats, kumene dzanja la Mpwitikizi silinkafika. Othawa adamanga midzi m'madera a Yellapur, Haliyal, Mundgod, Sirsi ndi Ankola, m'boma limene lero likutchedwa Uttara Kannada, ndipo kumeneko n'kumene kuli Asiddi a ku Karnataka. Dziko la Portugal lidaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma ukapolo weniweniwo m'maiko amene linkalamulira udathetsedwa mwalamulo mu 1869.

Angerezi ndi ufulu wa pa pepala

Angerezi nawonso manja awo sadali oyera. Kampani ya East India, imene inkalamulira mbali yaikulu ya India, inkagula akapolo ku Madagascar n'kuwatumiza ku malinga ake, ndipo m'zaka za m'ma 1780 nyuzipepala za ku Calcutta zinkalengeza malonda a anyamata a ku Africa. Britain idaletsa nzika zake kuchita malonda a akapolo mu 1807, ndipo mu 1833 idakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo m'maiko ake. Koma lamulolo lidapatula dala madera a kampani ya East India. Chifukwa chake chidali chakuti akapolo ambiri ku India adali Amwenye enieni, a magulu onyozeka olima m'minda ya eni malo, ndipo kampaniyo inkaopa kuyambana ndi eni malowo, amene ankaipatsa msonkho.

Lamulo la 1843 ndi limene lidagwedeza zinthu. Lidanena kuti makhoti sadzazindikiranso kuti munthu ali ndi mwini wake, kuti akuluakulu a boma asagulitsenso munthu pofuna kubweza ngongole kapena msonkho, ndiponso kuti wolakwira kapolo alangidwe ngati walakwira mfulu. Kusunga ndi kugulitsa akapolo kudakhala mlandu weniweni pamene malamulo a milandu a 1860 adayamba kugwira ntchito mu 1862. Womasulidwayo sadapatsidwe munda, ndalama, kapena njira yobwerera kwawo. Komanso madera ambiri adali m'manja mwa mafumu achimwenye amene ankayendera malamulo awoawo. Mafumu a ku Kutch ndi Kathiawar adali ndi antchito ndi alonda a ku Africa, ndipo Nizam wa ku Hyderabad adali ndi gulu la asilikali a pa akavalo lotchedwa African Cavalry Guards, limene dzina lake lidatsalira pa dera la AC Guards mumzindamo. Ku Sindh, m'chaka chomwecho cha 1843, mtsogoleri wa nkhondo Hoshu Sheedi adafera pa nkhondo ya Dubbo poteteza dzikolo kwa Angerezi.

Nthawi yomwe malamulowa ankalembedwa ndi yomwenso malonda a akapolo adafika pachimake kuno kwathu. Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkaolotsa anthu nyanja kuti ayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Kazembe wa Britain ku Zanzibar, Christopher Rigby, adanena cha mu 1860 kuti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja ya Nyasa ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya ku Zanzibar chaka chilichonse. Ofesi ya msonkhoyo inkayendetsedwa ndi kampani ya Jairam Sewji wa ku Kutch, ndipo amalonda achimwenye ndiwo ankakongoza nsalu, mikanda ndi mfuti kwa atsogoleri a maulendo opita kumtunda. Pa mlandu umenewu pali Aluya, Aswahili, Azungu ndi Amwenye, komanso pali mafumu athu ena amene adasinthanitsa anthu ndi nsalu ndi wonga.

Britain idayesa kutseka njira ya pamadzi pang'onopang'ono. Pangano la Moresby la 1822 lidalemba mzere pa nyanja kuchokera ku Cape Delgado kukafika ku Diu, woti zombo za akapolo zisaudumphe. Pangano la Hamerton la 1845 lidaletsa kutumiza akapolo kunja kwa madera a Sultani a mu Africa. Pomaliza, mu 1873, Sir Bartle Frere, amene adakhalapo Bwanamkubwa wa Bombay, adatumidwa ku Zanzibar, ndipo mu Juni chaka chomwecho Sultani Barghash adasaina pangano lotseka msika wa akapolo. Kumtunda kuno malondawo adapitirira mpaka Mlozi adagonjetsedwa mu Disembala 1895, ndipo pakati pa asilikali a Harry Johnston amene adamenya nkhondo zimenezi padali Asikh ochokera ku India.

Amene adabwerera

Zombo zankhondo za Britain zikagwira chombo cha akapolo, omasulidwawo sizinkawabwezera kwawo, poopa kuti angagwidwenso. Zinkawatula ku Aden, ku Seychelles kapena ku Bombay. Ana ankaperekedwa kwa amishoni, ndipo mu 1860 a Church Missionary Society adawasamutsira ku Sharanpur, pafupi ndi Nasik, kumene ankaphunzira kuwerenga, ukalipentala ndi kusula zitsulo. Ambiri mwa ana amenewa adali Ayao ndi Anyanja, ndipo maina a ena a iwo timawadziwa chifukwa adabwerera ku Africa.

Sidi Mubarak Bombay adali Myao wobadwa cha mu 1820. Adagwidwa ali mwana, nagulitsidwa ku Kilwa, natengedwa kupita ku India, kumene adakhala mpaka mbuye wake adamwalira. Dzina lake lenilenilo likunena mbiri yake. Atabwerera ku Zanzibar adalowa ulendo wa Burton ndi Speke mu 1857, ndipo ankalankhulana ndi Speke m'chinenero cha Hindustani chimene onse awiri adachiphunzira ku India. Adatsogoleranso ulendo wa Speke ndi Grant wofufuza gwero la Nile, wa Stanley wokafuna Livingstone mu 1871, ndi wa Cameron umene udadutsa Africa mpaka ku gombe la Angola mu 1875. Adamwalira mu 1885.

Chuma ndi Wekotani adali anyamata amene adamasulidwa m'magoli mu Julayi 1861, pamene Livingstone ndi Bishopu Mackenzie ankakwera mapiri a kumtunda kwa Shire kupita ku Magomero. Mu 1864 Livingstone adawatenga pamodzi ndi Susi m'kasitima ka Lady Nyassa, kamene kadapangidwira nyanja yathu, nawoloka nako Nyanja ya India kuchokera ku Zanzibar pa 30 Epulo kukafika ku Bombay pa 13 Juni. Anyamata awiriwo adasiyidwa pa sukulu ya Dr John Wilson, nabatizidwa komweko mu 1865. Pa ulendo wake womaliza Livingstone adawatenganso, pamodzi ndi anyamata 9 a ku Nasik. Wekotani adatsalira kwa Mponda mu 1866 atanena kuti wapeza abale ake. Chuma adapitirira mpaka kwa Chitambo, kumene Livingstone adamwalira mu Meyi 1873, ndipo iye ndi Susi adatsogolera ulendo wosenza mtembo mpaka ku Bagamoyo. Amene adalemba mawu pa mtengo umene adakwirirapo mtima wa Livingstone adali Jacob Wainwright, Myao wophunzira ku Nasik, amene adanyamula nawo bokosi ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874. Enanso ambiri a ku Nasik adakatumikira ku Rabai ndi ku Frere Town pafupi ndi Mombasa, ndipo mmodzi wa iwo, William Jones, Myao, adadzozedwa udikoni mu 1885.

Anthu amenewa timawadziwa chifukwa adayenda ndi Azungu olemba mabuku. Anzawo amene adagwidwa nawo mudzi umodzi, nakatsalira m'nyumba za olemera ku Kutch, ku Diu kapena ku Bombay, palibe amene adawalemba.

Amene sadabwerere

Umboni wa kumene adachokera udatsalira m'magazi ndi m'ng'oma. Mu 2011 akatswiri ofufuza za chibadwa cha anthu adafalitsa zotsatira zosonyeza kuti makolo ambiri a Asiddi adali a mitundu yolankhula zinenero za Chibantu, ndiponso kuti kusakanikirana kwawo ndi Amwenye kudachitika makamaka m'zaka pafupifupi 200 zapitazo. Zimenezi zikugwirizana ndi nthawi ya Apwitikizi ndi ya msika wa Zanzibar kuposa nthawi ya Malik Ambar.

Zinenero za makolo zidatayika. Asiddi a ku Gujarat amalankhula Gujarati, a ku Karnataka amalankhula Konkani ndi Kannada, a ku Hyderabad amalankhula Urdu. Koma gule wawo wamkulu ku Gujarat amatchedwa goma, liwu limene aliyense wa ife angalizindikire kuti ndi ng'oma. Ali ndi ng'oma yaitali yoimika pansi yotchedwa mugarman, ndi uta woimbira wokhala ndi chikho wotchedwa malunga, ndipo m'nyimbo zawo zina mudatsalira mawu a Chiswahili. Gule ameneyu amavinira Bava Gor, munthu woyera wachisilamu wochokera ku Africa amene amati ankachita malonda a miyala ya mikanda, ndi mlongo wake Mai Misra. Manda a Bava Gor ali pa phiri pafupi ndi Ratanpur m'boma la Bharuch, ndipo kumapita anthu a zipembedzo zosiyanasiyana kukapempha machiritso. Ku Karnataka kuli Asiddi achikatolika, achihindu ndi achisilamu, koma mabanja ambiri amasunga mwambo wolemekeza mizimu ya makolo wotchedwa Hiriyaru, m'mene kokonati wosasenda amaimira makolo amene adatsogola.

Moyo wawo wakhala wovuta. Popanda minda yawoyawo, ambiri akhala akugwira ganyu m'minda ya eni malo, kudula mitengo ndi kufula uchi m'nkhalango, monga a m'mudzi wa Jambur m'mphepete mwa nkhalango ya Gir ndi a m'mapiri a Uttara Kannada. M'dziko limene munthu amayesedwa ndi gulu limene adabadwiramo komanso ndi khungu lake, Msiddi akapita mumzinda amanyozedwa kapena kufunsidwa kuti wachokera dziko liti, chonsecho agogo a agogo ake adabadwira pomwepo. Boma lidaika Asiddi a m'maboma ena a Gujarat m'kaundula wa mafuko oyenera thandizo lapadera pa maphunziro ndi ntchito mu 1956, koma a ku Uttara Kannada adadikira mpaka 2003, ndipo a ku Belagavi ndi Dharwad mpaka 2020. Mu 1987 boma lidayamba ndondomeko yotenga ana a Asiddi kukawaphunzitsa masewera othamanga, poganiza kuti magazi a ku Africa abweretsa mamendulo, koma patangopita zaka zochepa ndondomekoyo idaimitsidwa ndipo ambiri adabwezedwa kumudzi. Mu 2018 Tanzeela Qambrani adakhala Sheedi woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya Sindh ku Pakistan. Mu 2020 Shantaram Siddi adasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo ya Karnataka, woyamba wa mtundu wake, ndipo mu 2023 mai Hirabai Lobi a ku Jambur adalandira ulemu wa Padma Shri chifukwa cha ntchito yawo yotukula amai ndi ana.

Tsono titani nayo mbiri imeneyi?

Asiddi ndi Amwenye, ndipo chimene akhala akumenyera ndi malo, sukulu ndi ulemu m'dziko lawo la India. Sitiyenera kuwakokera kuno ngati katundu wotayika. Koma akuluakulu adati chibale n'fupa, sichiola. Pakati pa makolo awo padali anthu amene adatengedwa m'mphepete mwa Zambezi, Shire ndi nyanja yathu, amene abale awo adawalira maliro popanda mtembo. Kuwakumbukira kumatikakamiza kuvomereza kuti nsalu zina zimene zidavalidwa m'mabwalo a mafumu athu zidalipiridwa ndi ana a eni.

Pakati pathu pali aphunzitsi ambiri. Pempho langa n'lakuti pophunzitsa za malonda a akapolo mzere wa pa mapu usathere pa Zanzibar, koma upitirire mpaka ku Diu, Goa ndi Bombay, ndipo pambali pa dzina la Livingstone ana amvenso za Bombay, Wekotani ndi Wainwright. Masiku ano Amalawi ambiri amapita ku India kukaphunzira kapena kukalandira chithandizo cha kuchipatala. Mukakakumana ndi munthu wakuda mu Ahmedabad kapena Hyderabad akulankhula chinenero cha komweko ngati mwini mudzi, musakamufunse kuti adabwera liti. Mukamupatse moni mwaulemu, ndipo akalola mukamufunse za goma.